Tepi ya Telala

Zaka makumi awiri ndakhala pakhonde lino ku Kamuzu Road,
tepi m'khosi, choko pakhutu,
kuyeza ziuno za Salima yense.
Ndikumudziwa mphunzitsi amene wanenepa chilandirireni ngongole,
ndikumudziwa mkwatibwi amene ndinamuonjezera nsalu m'mbali osafunsa.
Changa chiuno sindinayezepo.
Lamba akakana ndinkatenga msomali
n'kuboola bowo lina.

Odutsa ankati, A Chimtengo, ndalama zakukondani,
taonani thupi kuwala!
Ine n'kumaseka, mandasi m'nyuzipepala,
tiyi wa masipuni asanu,
masana chiwaya cha kwa Yusufu, mafuta kutsikira m'chigongono,
botolo lozizira lotsitsira.
Phazi lokha ndilo linkayenda, kupalasa makina
ulendo wa tsiku lonse osachoka pamalo.

Kenaka ludzu losamva madzi.
Usiku kutuluka kasanu.
Bowo la singano linayamba kundizemba,
ulusi kumangodutsa pambali
ngati mlendo wosadziwa khomo.

Kuchipatala tinapita awiri:
ine ndi mimba yangayi,
Nangondo ndi chizungulire chake, m'zikhato mutayera ngati pepala.
Mayi Dzimbiri a zakudya sanakalipe.
Anangoti, Tandiuzani zimene munadya dzulo,
kuyambira tambala woyamba.
Ndinayamba kudulira, monga timachitira ndi nsalu ya kasitomala.
Nangondo anati, Asaname awa, mandasi anali asanu ndi limodzi.
Mayi aja anatulutsa tepi yawo,
ine telala n'kukweza manja
ngati mwana woyezedwa yunifolomu.

Anatipatsa mapepala awiri osafanana.
Langa linati shuga wakwera, chepetsani.
Lake linati magazi achepa, onjezerani.
Ndinati, Nyumba imodzi, mafuwa amodzi, malamulo awiri?
Anati, Inuyo mumasoka diresi limodzi
loti avale amayi onse a mumsika?

Pakamwa panga panasokeka.

Tsopano theka la mbale yanga ndi dimba:
bonongwe, chisoso, therere likapezeka,
mtanda umodzi wa mgaiwa wosaposa chibakera changa,
usipa wowotcha, mchere wa kunsonga kwa zala.
Mbale yake ndi ya mwana womaliza:
nyemba, dzira, nkhwani wotendera,
chiwindi Loweruka ndalama zikalola,
madzi a malambe pambuyo, tiyi ayambe wadikira.
Iye akamamwa thobwa lotsekemera
ine ndimawerenga misomali ya malata.

Ndisaname ngati tsiku lija.
Lachitatu ndinagwa.
Mtsikana wa beseni anaima pamaso panga osanena kanthu,
fungo lokha ndilo linandiitana dzina.
Ndinagula awiri, n'kudyera kuseri kwa chitenje cha mwini wake.
Madzulo Nangondo anaona dontho la mafuta pa tepi,
penipeni pa nambala makumi anayi ndi ziwiri.
Sanandiimbe mlandu.
M'mawa ndinapeza m'thumba la malaya
magwafa awiri ndi mtedza wodzaza dzanja.

Kabaza ndinamusiya.
Ndimayenda pansi kutsata njanji
dzuwa la kuno lisanadzuke ndi ukali wake,
mawondo kudandaula, ine kuwauza kuti pepani,
tinalakwira limodzi.

Odutsa aja tsopano amatsitsa mawu:
A Chimtengo, kodi kuli bwino kunyumba?
Kwathu kuno wochepa thupi amamuyezera bokosi ndi maso.
Ndimangoti kuli bwino,
n'kulowetsa ulusi kamodzi kokha iwo akuona.

Nangondo dzulo wasenza ndowa kuchokera kumjigo
osapumira pamtengo wa nimu.

Lero kulibe kasitomala, magetsi athima, msika uli zii.
Ndatenga buluku langa la ku tchalitchi,
ndalitembenuza, ndajambula choko m'chiuno,
zala ziwiri mbali iyi, zala ziwiri mbali iyo.
Nsalu yotsalayo sindidula ayi.
Ndaipindira mkati.
Telala amadziwa kuti munthu ndi munthu,
ndipo mtsikana wa beseni mawa adutsanso.